Bernie Mac: mafunso ndi mayankho pa moyo wake ndi ntchito yake yoseketsa anthu

Anthu ambiri nkhope amaidziwa koma dzina nde limawasowa. Ukangoti mdala wamaso otuzuka uja wa mu Ocean's Eleven, kapena amalume aja amakhala pampando nkumalankhula ndi kamera aja, aliyense amati eee ameneyo timamudziwa. Dzina lake ndi Bernie Mac, ndipo ineyo ndimamuika pamwamba penipeni pa anthu anthabwala omwe America inatulutsapo. Awa ndi mafunso omwe amabwerabwera tikamacheza za iyeyu.

Kodi Bernie Mac linali dzina lake lenileni?

Ayi, linali la pasiteji. Dzina la makolo ndi Bernard Jeffrey McCullough, anangolidula basi, Bernard kukhala Bernie, McCullough kukhala Mac. Anabadwa pa 5 Okutobala 1957 mumzinda wa Chicago ku Illinois, ndipo anakulira ku South Side, mbali ya mzindawu komwe kumakhala anthu akuda ambiri. Sukulu ya sekondale anaphunzira ku Chicago Vocational High School, anamaliza mu 1975.

Anakula bwanji, kunyumba kwawo kunali kotani?

Kunali kovuta, tisabise. Bambo ake sanali pakhomo, analeredwa ndi mayi ake pamodzi ndi agogo, m'nyumba yodzadza ndi abale, ndalama zosakwana koma mwambo wa tchalitchi nde unalipo wamphamvu. Pali nkhani ina imene ankaikonda kufotokoza yomwe ine imandikhudza nthawi zonse. Amati ali kamwana anapeza mayi ake akulira, TV ili choyaka, kenako pa TV paja panabwera Bill Cosby nkuyamba nthabwala zake, mayi aja misozi ili chitsikire anayamba kuseka mpaka kuiwala chomwe amalirira, nde mwana uja anangoti mayi ine ndikadzakula ndidzakhala woseketsa anthu kuti musadzalirenso. Ali ndi zaka 8 anaima pamaso pa anthu a kutchalitchi nkumayeseza mmene agogo ake amalankhulira pa tebulo, anthu anaseka koma kunyumba sizinamuthere bwino.

Mayi akewo anamwalira ndi khansa iye ali ndi zaka 16. Sanaone chilichonse cha zomwe mwana wawo anadzakhala, ngakhale ka filimu kamodzi.

Stand-up yo ndi chani kwenikweni, ikusiyana bwanji ndi sewero?

Kuno ambiri tinakula ndi Izeki ndi Jakobo, anthu awiri, aliyense wavala khalidwe la munthu wina, wina aponya wina awakha. Stand-up si choncho. Ndi munthu mmodzi yekha, maiki mmanja, palibe mnzake womupulumutsa zikavuta, amalankhula ngati iye mwini za moyo wake kapena zomwe akuona, ndipo anthu akapanda kuseka chete ameneyo amakhala wake yekha. Amene munamuonera Daliso Chaponda pa Britain's Got Talent mu 2017, ntchito yake ndi imeneyo. Bernie Mac anaigwira zaka pafupifupi 30.

Nanga bwanji anatchuka mochedwa chonchi?

Apa nde pali mutu wa nkhani yonse kwa ine. Mkuluyu anakwatira ali wamng'ono, mu Seputembala 1977 asanakwanitse ndi zaka 20 zomwe, anakwatira Rhonda chibwenzi chake cha kusekondale, chaka chotsatira mwana wamkazi anabadwa, nde panalibe zoti ndikhale ndikudikira mwayi, pakhomo pamafunika chakudya. Anagwira ntchito zosiyanasiyana, kusesa ndi kukolopa m'maofesi, kunyamula mipando ya anthu osamuka, kuyendetsa basi, kuphika, kuperekera buledi m'mashopu, usiku ndi kumapeto kwa sabata nde nkumapita m'makalabu a ku Chicago ngati Cotton Club kukaseketsa anthu, nthawi zina kandalama kake kongokwana thiransipoti. Ankaseketsanso anthu m'mapaki ndi m'sitima za mumzinda. Zaka zoposa 10 zinatha choncho.

Khomo linatseguka mu 1990 pomwe anawina mpikisano wa Miller Lite Comedy Search, apo nkuti ali ndi zaka 32. Taganizani, Eddie Murphy yemwe ndi wamng'ono kwa iye anali atatchuka kale dziko lonse asanafike zaka 25. Koma kuchedwako nkomwe kunamupanga. Pomwe dziko limadzamuona anali kale bambo wa pabanja, wodziwa lendi, wodziwa maliro, wodziwa kutopa kwa munthu wogwira ntchito ziwiri, nde akamalankhula za mkazi, za ana, za abale obwera kudzapempha, sizinali zongopeka za mnyamata yemwe sanalawe moyo. Ndipo zaka zonse zija anali ataphunzira kuwerenga gulu la anthu, kudziwa kuti awa atopa, awa aledzera, awa abwera kudzakuyesa.

Nkhani ya Def Comedy Jam ija imene anthu amaitchulatchula inali yotani?

Def Comedy Jam inali pulogalamu ya stand-up ya pa tchanelo cha TV cha HBO yomwe inayamba mu 1992, mwini wake Russell Simmons, woyendetsa mwambo Martin Lawrence, ndipo ankajambulira ku New York komwe anthu ake sachedwa kukukuwiza ukawabowa. Usiku wina wanthabwala yemwe anali patsogolo pa Bernie anakuwizidwa koopsa mpaka kutsika pasiteji, gulu litalusa kale. Wina aliyense akanalowa mwaulemu, kupepesa, kunyengerera. Bernie analowa atavala jinzi yojambulidwa nkhope yake yomwe, anagwira maiki nkuwauza anthu aja maso ndi maso kuti ine sindikukuopani, ndi mawu otukwana pamwamba, holo yonse inaphulika. Akamaliza nthabwala imodzi amauza DJ Kid Capri kuti aponye nyimbo, avine pang'ono, nyimbo iduke, abwerezenso mawu omwe aja kuti sindikukuopani, nkupitiriza. Mphindi zochepa chabe koma mpaka lero anthu a stand-up amazionera ngati phunziro la mmene umalandira gulu lokuda nkulisandutsa lako. Mawu amenewo anadzakhalanso mutu wa buku lake loyamba la mu 2001.

Kings of Comedy anali ndani?

Unali ulendo wa anthu anthabwala akuda omwe amazungulira mizinda ya ku America kuyambira 1997 mpaka 2000, wokonza wake Walter Latham. Anthu ake omwe aliyense amawakumbukira ndi anayi, Steve Harvey, Cedric the Entertainer, D.L. Hughley ndi Bernie Mac. Chachilendo chinali choti samachitira m'tikalabu, amadzadza mabwalo akuluakulu a basketball, anthu masauzande kubwera kudzamvera nthabwala basi, pomwe manyuzi akuluakulu a azungu samalabadira nkomwe kuti kukuchitika zoterozo. Mu Febuluwale 2000 Spike Lee anajambula mashoo awiri ku Charlotte ku North Carolina, filimu yake The Original Kings of Comedy inatuluka chaka chomwecho.

Bernie ndi yemwe amatseka, womaliza kukwera pasiteji, ndipo pa stand-up womaliza amakhala yemwe anzake sangafune kubwera pambuyo pake. Nthawi imeneyo Steve Harvey ndi Cedric anali ndi pulogalamu yawo pa TV, D.L. Hughley analinso ndi yake, Bernie yekha nde analibe. Mufilimu momwemo anadandaula poyera kuti mabwana a TV sakumupatsa pulogalamu chifukwa akumuopa, akuganiza kuti alankhula zosayenera. Chaka chimodzi chokha chitadutsa tchanelo cha TV cha Fox chinamupatsa.

The Bernie Mac Show imakamba za chani?

Inayamba pa Fox pa 14 Novembala 2001 nkutha pa 14 Epulo 2006, masizoni 5, zigawo 104. Yemwe anaiyambitsa ndi Larry Wilmore potengera nthabwala ina ya mu Kings of Comedy. Bernie amasewera ngati iye mwini, wanthabwala wolemera wokhala ku Los Angeles ndi mkazi wake Wanda, alibe ana, moyo ukukoma, kenako mchemwali wake wa ku Chicago walowa ku chipatala chothandiza anthu osiya mankhwala osokoneza bongo, nde ana ake atatu akubwera kudzakhala kwa amalume. Wamkulu Vanessa ndi mtsikana wamwano wa msinkhu wovuta uja, Jordan ndi kamnyamata ka magalasi kodwaladwala koma kochenjera mobisa, wamng'ono Bryana yemwe amalume amangomuti Baby Girl nde wapamtima. Wanda ankasewera ndi Kellita Smith, Vanessa anali Camille Winbush, Jordan anali Jeremy Suarez, Bryana anali Dee Dee Davis.

Chomwe chinaisiyanitsa ndi mapulogalamu ena a nthawi imeneyo ndi kajambulidwe. Munalibe kuseka kwa anthu kojambuliratu kuja komwe amaika kuti nawe useke, ndipo pakati pa nkhani Bernie amakakhala pampando mchipinda chake, ndudu yaikulu mmanja, nkuyang'ana kamera nkumadandaulira owonera, amawatchula kuti America ngati akuitana neba, kuwafunsa kuti inuyo mukanatani, ndalakwa ine apa? Pa sikirini pamabweranso timawu tolembedwa ngati ndi dzanja toloza zinthu zomwe iye sakufuna kuvomera.

Kwa ife a mbumba nkhani imeneyi sitifunika kuimasulira. Amalume kulera ana a mlongo wawo ndi udindo womwe timaudziwa, ambiri takulira m'manja otere kapena tikulera ana otere panopa, ndipo tikudziwa kuti chikondi chake chimabwera ndi kudandaula, kuwerengera shuga, kukalipa za magetsi, koma tsiku lomwe mwana wadwala amalume omwewo ndi amene sagona. Bernie anaonetsa zimenezo osazipaka utoto. Samanamizira kuti ndi bambo wabwino wa pa TV, amalakwitsa, amapsa mtima, nthawi zambiri ana aja ndi amene amapambana, koma sanawabweze.

Nde nkhani ya ana a mchemwali wakeyo inachitikadi?

Mbali ina eya mbali ina ayi. Sanalere ana atatu ngati mmene zilili mu pulogalamu. Chomwe chinachitika nchoti iye ndi mkazi wake anasungapo mtsikana wachibale pamodzi ndi kamwana kake, nde anaphatikiza zimenezo ndi nkhani ya mnzawo wina yemwe analera ana a m'bale wake chifukwa cha mankhwala osokoneza bongo. Anthu a stand-up amatero, amatenga choona nkuchikulitsa.

Analandirapo mphoto zanji?

Pulogalamuyi inalandira Peabody Award, yomwe ndi mphoto yaulemu kwambiri pa za wailesi ndi TV ku America, ndipo Larry Wilmore anawina Emmy, mphoto yaikulu ya za TV, mu 2002 chifukwa cha kalembedwe ka chigawo choyamba. Bernie mwini anasankhidwa kawiri kupikisana nawo pa Emmy ngati mtsogoleri wa sewero loseketsa, mu 2002 ndi 2003, kawirinso pa Golden Globe, koma zonsezo sanawine. Za NAACP Image Award, zomwe limapereka bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, nde anatenga kangapo motsatizana. Ine ndimaona kuti Emmy imodzi yokha anayenera kumupatsa, makamaka pa sizoni yoyamba, pomwe pulogalamu inali ndi mano ake onse Wilmore asanachotsedwe mu 2003 atasemphana ndi mabwana a Fox.

Mafilimu ake ndi ati?

Ndi ambiri, ndipo kwa zaka zambiri amapatsidwa timbali tating'ono iye nkutisandutsa tosaiwalika. Anayamba ndi Mo' Money mu 1992 ngati mlonda wa pakhomo la kalabu. Mu Friday ya 1995 ndi m'busa uja Pastor Clever, amaoneka mphindi zowerengeka koma aliyense amene anaonera amamukumbuka. Mu The Players Club ya 1998 ndi Dollar Bill mwini kalabu wangongole, mu Life ya 1999 ali ndi Eddie Murphy ndi Martin Lawrence kundende. Pa TV analinso amalume mu Moesha, pulogalamu ya Brandy ija.

Kuyambira 2001 zinthu zinasintha. Anakhala Frank Catton, wogawa makadi mu kasino, mu Ocean's Eleven pamodzi ndi George Clooney, Brad Pitt ndi Matt Damon, nkubwereranso mu Ocean's Twelve mu 2004 ndi Ocean's Thirteen mu 2007. Mu 2003 mokha anatuluka mu Head of State ndi Chris Rock, Charlie's Angels: Full Throttle komanso Bad Santa. Mr. 3000 ya 2004 nde filimu yomwe anatsogolera yekha, wosewera baseball wodzikonda yemwe akubwerera m'bwalo atakalamba, Angela Bassett ali pambali pake. Guess Who ya 2005 ndi bambo yemwe mwana wake wabweretsa mkamwini wachizungu, Ashton Kutcher. Achinyamata ambiri anamuonera mu Transformers ya 2007, wogulitsa magalimoto akale uja Bobby Bolivia, ndipo ana amadziwa mawu ake osadziwa mwini, chifukwa mkango uja Zuba, bambo ake a Alex mu Madagascar: Escape 2 Africa, ndi iyeyo.

Koma amatukwana kwambiri, komanso nthabwala zomenya ana zija, inu mumaziona bwanji?

Funso ili ndi loyenera ndipo sindilizemba. Stand-up yake si yoonera ndi ana kapena apongozi, mawu otukwana ali ponseponse, kwa iye anali ngati mchere wa chiganizo chilichonse. Pa nkhani ya ana, amalankhula zoopseza zoti akawamenya mpaka kuwaphwanya mutu, ndipo pali mbali ina mu Kings of Comedy yomwe amaseka kamnyamata chifukwa cha mayendedwe ndi malankhulidwe ake, imeneyo ine siindisangalatsa, mwana wa zaka 6 sayenera kukhala chosekedwa pa zinthu ngati zimenezo ngakhale nkhani ikhale yopeka. Mu Julayi 2008 pa mwambo wosonkhetsa ndalama za kampeni ya Barack Obama ku Chicago ananenanso nthabwala ina yokhudza akazi yomwe anthu ena mu holo anaikana pomwepo, a kampeni nkunena kuti sinali yoyenera.

Komabe pa zoopseza zija, amene anakulira pakhomo pa agogo olusa amadziwa kusiyana kwa mawu ndi zochita. Iye amanena mokweza zomwe kholo lotopa limaganiza mumtima nkusachita, ndipo mu pulogalamu ya pa TV chosekacho chimakhala iye mwini, bambo wamkulu wolusa yemwe wagonja kwa kamtsikana ka zaka 5. Kamera ikamuyandikira maso aja amaoneka kuti munthuyu ndi wamantha ndi udindo womwe wamugwera, osati wankhanza.

Ankadwala chani? Sarcoidosis ndi matenda anji?

Anamupeza ndi sarcoidosis mu 1983 ali ndi zaka za m'ma 20, kutanthauza kuti ntchito yonse yomwe tikuikambayi anaigwira akudwala, anthu osadziwa. Ndi matenda omwe chitetezo cha mthupi chimachita mopyola muyeso nkupanga timatotupa ting'onoting'ono m'ziwalo, kawirikawiri m'mapapo, nthawi zina pakhungu, m'maso ngakhale mu mtima. Munthu amatopa msanga, amabanika, amatsokomola chifuwa chouma. Si opatsirana, ndipo si TB ngakhale pa X-ray nthawi zina zimafanana mpaka kusokoneza. Madokotala sanapezebe chenicheni chomwe chimayambitsa, koma ku America amagwira kwambiri anthu akuda kusiyana ndi azungu, ndipo amawagwira mwamphamvu. Ena amachira okha, ena amamwa mankhwala ngati prednisone kwa nthawi yaitali.

Mu 2004 anadwala chibayo mpaka kujambula kwa pulogalamu kunaima kaye, ndipo mu 2005 zinalengezedwa poyera kuti ali ndi matendawa koma akuti anali atazizira. Anayambitsanso bungwe la Bernie Mac Foundation lophunzitsa anthu za sarcoidosis ndi kuthandiza kafukufuku, lomwe mkazi wake anapitiriza iye atapita. Mukaganiza kuti stand-up yake inali yokuwa, yothamanga, thukuta kamukamu kwa ola lathunthu, ndi mapapo otere, mpamene mumamvetsa chifukwa chomwe mu 2007 anauza David Letterman, woyendetsa pulogalamu ya macheza pa TV, kuti akufuna kupuma pa stand-up kuti adyeko moyo pang'ono.

Anamwalira liti, ndipo chinamupha nchani?

Anamwalira pa 9 Ogasiti 2008 ku chipatala cha Northwestern Memorial ku Chicago, ali ndi zaka 50 zokha. Chinamutenga ndi chibayo, atagonekedwa masiku angapo. Omuyankhulira ananena nthawi imeneyo kuti chibayocho sichinali chokhudzana ndi sarcoidosis ija. Chodabwitsa china nchoti tsiku lotsatira, pa 10 Ogasiti, kunamwaliranso woimba Isaac Hayes yemwe anali naye limodzi mu filimu ya Soul Men, nde filimuyo pomwe imatuluka mu Novembala anthu awiri mwa omwe ali mmenemo anali atapita, Samuel L. Jackson nkutsala kuilankhulira yekha. Madagascar ija inatulukanso iye kulibe, ndipo Old Dogs ya 2009 ndi yomwe anaonekamo komaliza.

Mwambo womukumbukira unachitikira ku tchalitchi cha House of Hope ku South Side komwe anakulira, kunabwera anthu masauzande, anzake atatu a Kings of Comedy anali pomwepo, akulira uku akuseketsa anthu. Anali pabanja ndi mkazi mmodzi yemweyo kwa zaka 30 kuchoka nthawi ya kunyamula mipando ija, ndipo ngakhale ntchito inali ku Hollywood khomo lake lenileni linakhalabe kufupi ndi Chicago.

Ndikufuna kumuonera koyamba, ndiyambire pati?

Ngati muli ndi ana pakhomo yambani ndi The Bernie Mac Show sizoni yoyamba, chigawo choyamba chenicheni pomwe ana aja akufika kumene ndipo amalume akuwaonetsa zinthu za m'nyumba zomwe sakuyenera kugwira. Chingerezi chake ndi cha ku South Side, chothamanga, amameza mawu ena nkupanga ake, nde ngati pali ma subtitle yatsani, pakatha zigawo ziwiri zitatu khutu limazolowera. Ana akagona sakani pa YouTube ka Def Comedy Jam kaja, nkakafupi sikadya bandulo yambiri, mukatero nde mupeze The Original Kings of Comedy muonere mpaka kumapeto chifukwa iye ndi womaliza. Amene mumakonda kuwerenga, buku lake la mu 2003 lotchedwa Maybe You Never Cry Again ndi lomwe muli nkhani ya mayi ake ija, mutu wakewo ndi lonjezo lomwe anawapatsa tsiku lija TV ili choyaka.